Mpweya wa 2.2 ndi ulendo wanga wa m'mwamba ku Honeydew

Popeza alamu anga afalitsa kale kanema uja woonetsa ine ndikuponyedwa ndi njinga yamoto n'kukwiririka ndi manyowa m'magulu onse a WhatsApp a Amalawi a kuno ku Joni, kuyambira ku Rosettenville mpaka ku Diepsloot, ndipo Lamlungu lapitali amayi ena a kwaya anandifunsa mwaulemu ngati ndinamaliza kusamba, ndaona kuti ndifotokoze ndekha mmene zinayendera, chifukwa kanemayo akuyambira pamene ine ndili kale m'mwamba ndipo sakuonetsa chimene chinandikweza.

Njinga yamoto imene munaiona ija ndi Honda ATC110 ya matayala atatu, yomwe abwana anga amaisunga pa puloti yawo ku Honeydew kuti izikoka kangolo ka manyowa a mahatchi. Njinga za mtundu umenewu zinkapangidwa pakati pa 1979 ndi 1985, ndipo ku America analeka kugulitsa zatsopano za matayala atatu mu 1988 chifukwa zinkagudubuza anthu, kotero amene akundiseka adziwe kuti si ine woyamba kugwetsedwa nazo. Ilibe masipuling'i kutsogolo kapena kumbuyo. Chimene chimateteza msana wa wokwera ndi matayala ake otakata aja, amene amayenera kukhala ofewa moti ukakanikiza ndi chala chachikulu amalowa.

Matayala akale anali atang'aluka ndi dzuwa, ndiye abwana anandituma kukasankha atsopano. Apa ndiye ndinaonetsa nzeru zimene alamu anga sanajambule. Ndinawerenga manambala a pambali pa tayala, 22x11-8, ndipo ndinamufotokozera wogulitsa kuti 22 ndi kutalika kwa tayala m'mainchesi, 11 ndi m'lifupi mwake, pamene 8 ndi kukula kwa limu. Anafuna kundipatsa a mizere yosazama, oyendera pa kapinga, koma ndinakana, chifukwa dothi lofiira la kuno ku Joni likalandira mvula ya mu Disembala limaterera, ndipo limafuna matayala a zibuma zikuluzikulu zotalikirana zimene zimaluma pansi n'kutaya matope zokha. A zipalasiro, amene amapangidwira mchenga wokhawokha, ndinawasiyira anyamata othamanga pa milu yachikasu ya kumigodi.

Za mpweya abwana anangondiuza mawu amodzi akulowa m'galimoto, kuti 2.2. Sanawonjezere kanthu. Ndinakweza matayala mu bakkie, kagalimoto konyamula katundu, n'kupita pamalo omwetsera mafuta, ndipo mnyamata wopopa atandifunsa, ndinamuyankha molimba mtima kuti 2.2. Anayang'ana matayala, anayang'ana ine, n'kufunsanso kachiwiri. Ine, munthu amene ndinali nditangophunzitsa wogulitsa matayala ntchito yake, sindinaone chifukwa chofunsidwira kawiri.

Tsopano mverani bwino, inu amene mumaweruza. Honda inalemba kuti matayala a njinga imeneyi azikhala ndi mpweya wa 2.2 pa muyeso wotchedwa psi, umene pa muyeso wina wa bar ndi pafupifupi 0.15. Mapampu a m'magalaja a kuno amawerenga bar kapena kPa, ndipo 2.2 bar ndi mpweya wamba wa tayala la galimoto, womwe ndi pafupifupi 32 psi. Choncho matayala a abwana analandira mpweya wopitirira woyenera maulendo oposa 14. Nambala inali yolondola ndithu, ndipo ine ndinaipereka monga ndinailandirira. Kodi mtumiki amaphedwa chifukwa cha uthenga?

Nditamanga matayala ndinaona kuti njinga yatalika ndipo ikunyezimira mwaulemerero, moti ndinaitana alamu anga, amene anabwera kudzabwereka wilibala, kuti aone ntchito ya munthu wodziwa. Ndinadzaza kangolo ndi manyowa a m'khola, aja osapsa bwino, ndinavala chipewa changa cha kutchalitchi chifukwa dzuwa linali litakwiya, ndipo ndinakanikiza kachitsulo ka mafuta ndi chala.

Pa njira yosalala zonse zinali bwino, kupatula mano amene ankagundana okha. Vuto linayamba pa kamzere ka madzi kodutsa pakati pa khola ndi dimba, kamene tayala lofewa limangokameza osamva kanthu. Tayala lakutsogolo linagunda kamzereko n'kudumpha ngati mpira wachikopa wopopedwa kumene, akumbuyo nawo anati sitingatsale, ndipo mpando unandiponya.

Kanemayo akusonyeza kuti ndinakhala m'mwamba kwa kamphindi, koma ine amene ndinali kumeneko ndikuchitira umboni kuti inali nthawi yaitali. Ndinaona denga la khola, ndipo ndinazindikira kuti lata limodzi likufunika misomali. Ndinaona nsanja ya Hillbrow, ndinaona chinyumba chachitali cha Ponte, ndipo ndikukhulupirira kuti ndinaona basi ikutuluka pa Park Station kulowera ku Beitbridge, mpaka ndinalingalira zoti ndikanatumiza mafuta ophikira kumudzi. Ndinali ndi nthawi yoganizira ngongole zanga zonse, imodziimodzi. Pansipo hatchi yaikazi ya abwana inasiya kutafuna, inakweza mutu n'kunditsatira ndi maso mmene ndinkakwera, kenaka inatsitsa mutu pang'onopang'ono mmene ndinkatsika, udzu uli lendelende kukamwa. Chipewa chinapitiriza ulendo chokha.

Ndinatera chagada, ndipo kangolo, kamene kanali katapendekeka kale, kanabwera mwaulemu n'kundikhuthulira katundu wake yense kuyambira pachifuwa mpaka kumapazi, kenaka kanawonjezera pang'ono kumaso. Njinga inadumphanso kangapo yopanda wokwera n'kukaima m'bedi la sipinachi. Mawu oyamba amene ndinamva sanali ofunsa ngati ndavulala. Anali a alamu anga akuti, "Alamu, musadzuke kaye, foni ikuchedwa kusunga."

Abwana atabwera madzulo anamenya tayala ndi chibakera, anagwira dzanja lawo, kenaka anatulutsa kageji kakang'ono ka mpweya wochepa, chifukwa geji wamba ya galimoto siwerenga bwino pansi pa 5 psi. Tinaphwetsa matayala onse atatu mpaka makutu anatopa ndi mluzu wake, ndipo anandichenjeza kuti akumbuyo awiriwo azifanana ndendende, popeza ali pa ekiselo imodzi yopanda difu, chipangizo chimene chimalola tayala lililonse kuzungulira pa liwiro lakelake, ndipo limodzi likafufuma kuposa linzake njinga imakokera mbali imodzi. Anandiuzanso kuti mpweya ukachepa mopitirira, tayala limatha kuvuka pa limu pokhota. Zonsezi ndi nzeru zabwino, ndipo zikanathandiza kwambiri zikananenedwa m'mawa pamodzi ndi 2.2 uja.

Sipinachi anandidula pa malipiro. Alamu anga wilibala sanabwezebe, ndipo amene angaone chipewa chakuda cha nthenga imodzi chakumbali ya Randburg andidziwitse Lamlungu.