Troponin yakwera koma mitsempha ya mtima ndi yoyera: zomwe zimachitika kwa odwala Crohn ndi ulcerative colitis

Wodwala ulcerative colitis kapena Crohn akafika kuchipatala akudandaula m'chifuwa, kapena mtima ukungothamanga, adokotala amamuyeza troponin. Iyi ndi puloteni ya m'kati mwa minofu ya mtima, ndipo imatayikira m'magazi minofuyo ikavulala. Zotsatira zikatuluka zili pamwamba, maganizo a aliyense amathamangira ku mtsempha wotsekeka. Komatu ambiri mwa odwala matenda otupitsa matumbowa ndi achinyamata, a zaka za m'ma 20 kapena 30, opanda shuga, opanda BP, ndipo akawajambula mitsempha ya mtima imapezeka yoyera bwinobwino. Apa ndi pomwe mufayilo mumalembedwa kuti chifukwa chake sichikudziwika. Kawirikawiri chifukwacho chimakhalapo ndithu, kungoti palibe amene wachifufuza mwadongosolo.

Poyambira ndi apa: nambala imodzi yokha siyokwanira. Troponin yoyezedwa ili mitundu iwiri, T ndi I. Makina a kampani ya Roche oyeza troponin T amaika malire pa 14 ng/L. A Abbott oyeza troponin I amaika pa 16 kwa amayi ndi 34 kwa abambo. Kupitirira malirewo kumangosonyeza kuti pali chofunika kufufuza. Chomwe chimaunikira zenizeni ndi kuyeza kachiwiri pakatha ola limodzi, awiri kapena atatu, pamodzi ndi ECG, chojambula kagundidwe ka mtima, yomwe iyenera kujambulidwa m'mphindi 10 zoyambirira. Mtima ukavulala lero, troponin imakwera m'maola ochepa, imafika pachimake pafupifupi tsiku limodzi likatha, kenako imatsika pang'onopang'ono kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Nambala yomwe yasintha ndi 20 peresenti kapena kuposerapo ikunena za vuto latsopano. Nambala yomwe ili 300 m'mawa, 305 masana, 298 mawa lake ndi 302 mwezi wamawa ikunena nkhani ina, ndipo tiifika kutsogoloku.

Ngati nambala ikukwera, funso loyamba kwa wodwalayo lisakhale la fodya kapena la makolo ake. Likhale lakuti, "Mesalazine munayamba liti?"

Mesalazine ndi mankhwala amene amayamba kuperekedwa kwa odwala ulcerative colitis, ndipo amabwera ndi mayina ngati Pentasa, Asacol, Salofalk, Octasa ndi Mezavant. Anthu ambiri amamwa magalamu 2.4 mpaka 4.8 patsiku popanda vuto lililonse. Mwa ochepa kwambiri, thupi limawakana mankhwalawa ndipo minofu ya mtima kapena kathumba kokuta mtima kamatupa. Kachitikidwe kake n'kodziwika. Zizindikiro zimayamba pakati pa sabata yachiwiri ndi yachinayi chiyambireni kumwa: kutentha thupi, phuma, ndi kubaya m'chifuwa komwe kumakula munthu akapuma mozama kapena akagona chagada, n'kuchepa akakhala tsonga atawerama pang'ono. Pa ECG, kachigawo ka mzere kotchedwa ST kamakwera pafupifupi paliponse, osati mbali imodzi yokha ngati mmene zimakhalira mtsempha umodzi ukatsekeka. Mankhwala akasiyidwa, ululu umachepa m'masiku ochepa, ndipo troponin imabwerera m'malo mwake m'sabata imodzi kapena ziwiri.

Pamenepa pamalakwika zinthu zitatu. Ena amachepetsa mlingo m'malo mosiyiratu, chonsecho vutoli silitengera kuchuluka kwa mapiritsi. Ena amasiya mapiritsi koma n'kupitiriza mesalazine wolowetsa kumbuyo, chifukwa wodwala sawawerengera m'gulu la "mankhwala akumwa" ndipo sanafunsidwe. Enanso amasinthira ku sulfasalazine kapena balsalazide poganiza kuti ndi mankhwala ena, pamene onsewa akafika m'matumbo amatulutsa mesalazine yemweyo. Munthu amene mtima wake unatupapo chifukwa cha mankhwalawa asabwererenso ku gulu lonseli, ndipo zilembedwe pamwamba pa buku lake lakuchipatala pomwe amalemba mankhwala osayanjana nawo.

Chovuta n'chakuti matendawo pawokha amathanso kutupitsa mtima, monga mmene amatupitsira maso, khungu ndi mfundo za mafupa. Izi zimachitika matumbo akavuta kwambiri, ndipo ndi nthawi yomweyonso imene munthu amayambitsidwa mesalazine. Ndiye wolakwa ndani, mankhwala kapena matenda? Pa tsiku loyamba palibe makina amene angasiyanitse. Echo ndi MRI, zomwe ndi njira zojambulira mtima, zimaonetsa kutupako koma sizinena gwero lake. N'chifukwa chake njira yanzeru ndi kusiya mesalazine kaye, kuthana ndi matumbo pogwiritsa ntchito ma steroid monga prednisolone, n'kumayang'anira mtima. Mankhwala ozolowereka a kathumba ka mtima kotupa nawonso ali ndi zawo pano. Ibuprofen amatha kudzutsa zilonda za m'matumbo, ndipo colchicine amatsegula m'mimba, kotero kuti sudziwa ngati matenda akukula kapena ndi piritsi. Dokotala wa mtima ndi wa matumbo ayenera kukambirana pakamwa, osati kumangolemberana mufayilo. Ndipo amene minofu ya mtima inatupa ayambe wapumira kaye mpira, kuthamanga ndi jimu kwa miyezi 3 mpaka 6.

Kwa ife okulira ku Malawi, Zambia kapena Mozambique pali chinanso. Infliximab ndi adalimumab, mankhwala ena a matendawa ochepetsa mphamvu ya chitetezo cha thupi, amatha kudzutsa TB yomwe inagona m'thupi, ndipo TB ya kathumba ka mtima si yachilendo kwathu. Munthu wakwathu amene akulandira mankhwalawa ku Britain, echo n'kuonetsa madzi ozungulira mtima, awauze adokotala komwe anakulira asanamuonjezere ma steroid.

Chachiwiri chofunika kuchiganizira msanga, chifukwa chimapha, ndi magazi oundana m'mapapo. Odwala matendawa magazi awo amaundana m'mitsempha kuwirikiza kawiri kapena katatu poyerekeza ndi anthu ena, ndipo chiopsezocho chimakula kwambiri matumbo akavuta. Mtsempha wa m'mapapo ukatsekeka, mbali yakumanja ya mtima imakankha movutikira ndipo troponin imatuluka. Wodwala amakhala ndi phuma, mtima ukugunda kupitirira 100, nthawi zina mwendo umodzi utatupa. D-dimer, yomwe amayeza m'magazi pofufuza kuundana, siithandiza kwenikweni pano, chifukwa kutupa kwa matumbo kokhako kumaikweza. Chomwe chimadula nkhani ndi kujambula mitsempha ya m'mapapo ndi makina a CT. Amene akumwa tofacitinib, mankhwala enanso a ulcerative colitis, afunsidwe mlingo, poti mu 2019 bungwe la FDA ku America linachenjeza za kuundana kwa magazi pa mlingo wa 10 mg kawiri patsiku. Anthu amadabwa kuona wodwala amene akuchita chimbudzi cha magazi akubayidwa enoxaparin 40 mg, woletsa magazi kuundana, tsiku lililonse ali m'wodi. Si kulakwitsa ayi, ndi mmene ziyenera kukhalira.

Zifukwa zina n'zosavuta kuziona ukangoyang'ana wodwala yense. Magazi akachepa kwambiri chifukwa chotaya m'chimbudzi, madzi atatha m'thupi, thupi likutentha, mtima umagwira ntchito yaikulu ndi mpweya wochepa ndipo troponin imakwera pang'ono. Mankhwala ake ndi diripi, kuthiridwa magazi ndi kukonza potassium ndi magnesium. Kumupatsa munthu wotereyu mankhwala oletsa magazi kuundana monga aspirin, clopidogrel ndi heparin wa mlingo waukulu ngati wa mtsempha wotsekeka ndi kumuonjezera kutaya magazi. Impso zikafooka, kaya chifukwa cha kutaya madzi ambiri kudzera m'thumba la chimbudzi la pamimba (lomwe ena amaikidwa akachitidwa opaleshoni ya matumbo) kapena mesalazine yemwe uja, troponin T imakhala pamwamba nthawi zonse. Matenda a minofu ya m'manja ndi m'miyendo amakwezanso troponin T koma osati I. Amene wakhala nthawi yaitali akudya kudzera m'mitsempha ayezedwe selenium, chifukwa ikasowa minofu ya mtima imafooka.

Tsopano nambala yosasuntha ija. Wodwala ali bwinobwino, ECG ilibe vuto, echo ilibe vuto, impso zikugwira ntchito, koma troponin ili m'mahandiredi mwezi ndi mwezi. Apa wokayikiridwa ndi kayezedwe. Makina amagwiritsa ntchito ma antibody (mapuloteni a chitetezo cha thupi omwe amamatirira ku chinthu) awiri, kawirikawiri ochokera ku mbewa za mulabu: woyamba amagwira troponin, wachiwiri amamatirira mbali ina n'kuwala. Kuwalako ndi komwe makina amawerenga. Ngati m'magazi a wodwala muli ma antibody ake omwe amagwira a mbewawo, amalumikiza awiriwo popanda troponin pakati, ndipo makina amawerenga chinthu chomwe kulibe. Anthu amene chitetezo chawo chili pa nkhondo nthawi zonse, monga odwala matumbowa, amakhala ndi ma antibody osiyanasiyana ambiri, ndipo infliximab payekha ali ndi kachigawo kochokera ku mbewa. Palinso macrotroponin: troponin yochepa yomwe aliyense amakhala nayo imamatirira ku antibody wa munthuyo, n'kukhala chimpukutu chachikulu chomwe thupi limachedwa kuchichotsa, ndiye imaunjikana. Izi zimaoneka kwambiri pa troponin I.

Akulabu amatha kutsimikizira zimenezi, koma sachita okha popanda kupemphedwa. Amayamba ndi kutenga magazi ena n'kuwazunguliranso bwino pa makina, chifukwa timaulusi ta magazi oundana m'botolo timasokoneza kuwerenga. Kenako magazi omwewo amayezedwa pa makina a kampani ina, makamaka kuchoka pa troponin I kupita pa T. Akapeza 400 uku ndi 5 uko, yankho layamba kuoneka. Amathanso kusungunula magaziwo kawiri, kanayi, kasanu ndi katatu. Troponin yeniyeni imatsika molingana, yabodza imadumphadumpha. Pali timabotolo tapadera totsekereza ma antibody osokonezawo. Pomaliza amasakaniza magazi ndi mankhwala a mulabu otchedwa PEG 6000 ya 25 peresenti mulingo wofanana, yomwe imagwetsa ma antibody pansi. Troponin ikasowa pafupifupi yonse m'madzi otsala pamwamba, ndiye kuti inali yomatirira ku antibody.

Komwe akuyezabe CK-MB m'malo mwa troponin msampha wake ndi wina. CK ndi puloteni ina ya m'minofu yokhala ndi zigawo ziwiri, ndipo CK-MB, ya chigawo cha M ndi cha B, ndi mtundu wake wopezeka kwambiri mu mtima. Njira yotsika mtengo imatsekereza chigawo cha M, n'kuyeza B wotsala, n'kuchulukitsa kawiri. Koma minofu ya matumbo ili ndi CK-BB, ndipo odwala ulcerative colitis ena amakhala ndi CK-BB yomatirira ku antibody, yotchedwa macro-CK. Makina amaiwerenga yonseyo ngati ya mtima. Mukaona CK-MB yaposa CK yonse, dziwani kuti zimenezo sizingatheke m'thupi la munthu. Gawo silingapose chinthu chonse. Tofacitinib ndi upadacitinib nawonso amakweza CK popanda vuto la mtima.

Kusokonekera kumathanso kutsitsa nambala. Odwala ambiri tsitsi limathothoka ndipo amadzigulira vitamini wotchedwa biotin wa 5 mg kapena 10 mg. Pa makina ena biotin amatsitsa troponin mwabodza, zomwe FDA inachenjeza mu 2017. Mapiritsi a tsitsi nawo atchulidwe pamene anesi akufunsa za mankhwala.

Zonsezi sizikutanthauza kuti wodwala matumbo sangatsekeke mtsempha wa mtima. Kutupa kwa nthawi yaitali ndi ma steroid zimawonjezera chiopsezocho, makamaka kwa amayi ndi achinyamata. Ululu wopanikiza m'chifuwa, thukuta lozizira, kukomoka kapena phuma ladzidzidzi ndi zothamangira nazo kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale kwa munthu amene anauzidwa kale kuti troponin yake imanama. Munthu wotereyu azisunga kalata yochokera kulabu yonena makina amene amasokonekera ndi magazi ake, makina amene amawerenga molondola, ndi nambala yomwe amakhala nayo masiku onse, kuti dokotala wa usiku adziwe poyambira kufananiza.