Loweruka m'khola: kamwana ka maso ofiira, mphere ndi utitiri

Dzuwa la Okutobala kuno ku Zomba likumayamba kuswa mtengo m'mawa womwe, ndiye za m'khola ndinaziyamba 6 koloko isanakwane, malata asanatenthe. Ndinasintha madzi, ndinauzira mankhusu m'mbale n'kuonjezera mawere ndi mchewere. Mabudgie, tizinkhwe ting'onoting'ono timene ndimaweta, amasenda njere iliyonse n'kusiya khoko m'mbale momwemo, moti munthu wosadziwa amaona mbale yodzaza pamene mbalame zagona ndi njala. Ndinapachikanso chisoso ndi bonongwe wa kuseri kwa nyumba, kumene sitipopera mankhwala.

Yaikazi ya m'khola lapakati itatuluka kukadya, ndinatsegula kabokosi kake koikiramo mazira. Mwa mazira asanu, anayi aswa. Mbalameyi imaikira dzira limodzi n'kudumphitsa tsiku, ndipo dzira lililonse limaswa patatha masiku pafupifupi 18 chiyambire kulikhalira, choncho tiana timasiyana msinkhu. Koyamba kayamba kumera ubweya, komaliza sikatha n'kudzutsa mutu komwe. Koma kachitatu ndi kamene kanandiimika. Masiku oyamba maso amakhala otseka, komabe pansi pa khungu pamaoneka kadontho kakuda pamene pali diso. Kameneka kadontho kake n'kofiirira, mbali zonse ziwiri.

"Kodi kameneka kadzaona?" anafunsa mayi a kunyumba atabwera kudzasuzumira.

"Kadzaona bwinobwino. Ndipo ndi kakakazi."

"Inu bambo, mwadziwa bwanji kasanamere n'komwe nthenga?"

Ndinawafotokozera tikumwa tiyi pakhonde. Makolo onse awiri ndi obiriwira, monga amakhalira mabudgie akutchire kwawo ku Australia. Mwana wa maso ofiira ndi amene thupi lake silipanga utoto wakuda. Akakula amakhala wachikasu yekhayekha, amene timati lutino, kapena woyera mbee, albino. Chibadwa chimenechi chimayenda pa kromosomu, kachingwe ka m'thupi konyamula chibadwa, yotchedwa Z. Mbalame yaimuna ili ndi ma Z awiri, yaikazi ili ndi Z imodzi ndi W imodzi. Yaimuna ikhoza kuchinyamula pa Z imodzi, inzakeyo n'kuchiphimba, mbalame n'kumaoneka yobiriwira basi. Yaikazi ilibe pobisa: ikakhala nacho, chimaonekera. Mayi wa tianati ndi wobiriwira, ndiye kuti alibe. Chachokera kwa bambo yekha. Kakanakhala kakamuna, kakanalandira Z yabwinobwino kwa mayi ndipo maso ake akanada. Kameneka kanalandira Z kwa bambo, W kwa mayi. N'chifukwa chake ndikunena mosakayika kuti ndi kakakazi.

Chimene tidikire ndi mtundu wa nthenga. Awiri omwewa anaswapo mwana wabuluu nthawi yapita, kusonyeza kuti onse amanyamula buluu mobisa. Nthenga yobiriwira imapangidwa ndi zinthu ziwiri: utoto wachikasu, ndi kapangidwe ka mkati mwa nthengayo kamene kamabweza kuwala kwa buluu. Chikasu chikasowa, pamatsala buluu. Mu 2017 akatswiri a ku Stanford, ku America, anapeza malo enieni m'chibadwa cha budgie amene amachititsa kuti chikasucho chisapangidwe. Kuti mwana akhale wabuluu ayenera kulandira chibadwacho kwa bambo ndi kwa mayi, ndipo pa makolo ngati angawa mwayi wake ndi mwana mmodzi pa anayi. Kamwana kanga kakalandira zonse ziwiri, kopanda chakuda kopandanso chikasu, kadzakhala koyera. Apo ayi kachikasu. Tinthenga tikayamba kuboola, cha pa milungu iwiri, tidzaona.

Cha m'ma 9 koloko mphwanga, mwana wa achemwali anga, anafika pa njinga ndi katoni yobooledwa mabowo. Iyeyu anayamba kuweta chaka chatha ndipo mtima wake uli pa kugulitsa. Achikasu ndi oyera amayenda msanga kuposa obiriwira, ndipo nditangomuonetsa kamwana kaja maso ake anawala.

"Amalume, mundibwereke yaimuna imeneyi. Ndabwera ndi yaikazi yanga, yakonzeka. Taonani pamphunopa, pakhakhala."

Ndinaitulutsa m'katoni, mutu wake pakati pa zala ziwiri, n'kupita nayo poyera. Ndi zoona kuti yaikazi ikafika nthawi yoswana, kachikopa ka pamwamba pa mlomo, pamene pali mphuno, kamada n'kukhala kabulawuni, kokhakhala. Kwa yaimuna yaikulu kamakhala kabuluu kosalala. Koma zimene ndinaona pa mbalame ya mphwanga zinali zina. Pamphuno panali nkhanambo yoyererako, ya timabowo ting'onoting'ono ngati chisa cha njuchi, ndipo inali itatsikira m'ngodya za mlomo n'kuyamba kuzungulira diso lakumanzere. Miyendo nayo inali itayera, mamba ake atadzuka.

"Iwe, mbalameyi sinakonzeke. Ikudwala mphere."

Anakhala kaye chete, kenako anati zinayamba kalekale pang'onopang'ono, ndipo mbalameyo imadya bwino. Ndi mmene matendawa amayendera. Kachilombo kake, Knemidocoptes pilae, sikaoneka ndi maso. Kamakumba tinjira m'khungu lopanda nthenga, pamphuno, pamlomo, m'maso, m'miyendo ndi kumatako, ndipo timabowo tija ndi makomo a tinjirato. Moyo wake wonse, kuchokera pobadwa mpaka kukula, umatenga pafupifupi milungu itatu, ndipo wonsewo kamakhala pa mbalameyo. Kakhoza kukhala mwakachetechete kwa miyezi, n'kudzabuka mbalame ikafooka. Kakasiyidwa, kamaononga pamene mlomo umamerera, mlomo n'kukula mokhota kapena kutalika mpaka mbalame kulephera kusenda njere. Mlomo ukapindika motero nthawi zambiri suwongokanso, ngakhale kachilombo katafa.

Chimene ndinalimbikira kwambiri kumuuza ndi ichi: njira yaikulu imene kachilomboka kamafalira ndi m'kabokosi, kuchokera kwa kholo kupita kwa tiana tisanamere nthenga. Yaikazi imadyetsa tiana mlomo ndi mlomo, imatikhalira usana ndi usiku. Akanaiika ndi yaimuna yanga, akanapezadi achikasu, mwana mmodzi pa anayi monga mwa mwayi wake, onse aakazi. Koma akanagulitsa tiana tooneka bwino timene pakapita miyezi timatuluka nkhanambo m'nyumba za anthu. Izi zimandipweteka, chifukwa ogula ambiri amagulira ana awo, ndipo sadziwa kuti matendawa amachizika. Amangoona mbalame ikusanduka nkhope mpaka kufa.

Mphwanga anati mnzake anamuuza kuti apake oilo wakutha wa galimoto, monga ena amachitira ndi miyendo ya nkhuku, kapena adonthezere mankhwala a ivermectin amene amabayira ng'ombe. Nkhuku nazo zilidi ndi kachilombo ka mtundu womwewu ka m'miyendo, koma oilo wa galimoto ndi poizoni, ndipo budgie imadzikonza ndi mlomo tsiku lonse, idzangomeza. Parafini naye amaotcha khungu. Za ivermectin mnzakeyo sananame dzina, koma mphamvu yake. Wa ng'ombe ndi 1 peresenti. Amene amapangira mbalame zing'onozing'ono, wodonthezera pakhungu, ndi 0.1 peresenti, wochepa mphamvu kakhumi. Tinaiyeza mbalameyo pa sikelo ya kukhitchini, ili m'kabokosi: magalamu 33. Pa thupi lotere dontho limodzi lolakwika limakwana kuigwetsa pamtengo, kunjenjemera, mwinanso kufa.

Tinakwera kabaza kupita kwa dokotala wa ziweto m'tauni. Anaiyang'ana ndi galasi lokulitsa, anavomereza kuti ndi mphere, n'kusungunula mankhwalawo pa mlingo woyenera m'kabotolo. Anatambasula nthenga za kuseri kwa khosi mpaka khungu kuonekera, n'kudonthezapo dontho limodzi. Amasankha pamenepo chifukwa mlomo sufikapo. Mankhwala amalowa m'magazi n'kupha tizilombo tonse timene tikudya, komabe anatilembera papepala masiku oti tibwereze kuti timene tingatsale tifenso. Za miyendo anati tikhoza kupaka vaselini pang'ono kuti mamba afewe, koma osayandikira mphuno, osadetsa nthenga, ndipo nkhanambo tisaikokote, idzagwa yokha.

"Bambo, mbalame zonse zimene zakhala khola limodzi ndi imeneyi zilandire, ngakhale zooneka bwino," anatero. Mphwanga anafunsa ngati mphereyo ingamugwire iye. Anamuuza kuti ayi, kameneka n'ka mbalame zokha.

Masana tinakonza khola laling'ono kukhonde lakumbuyo, kutali ndi anga, kutalinso ndi utsi wa mbaula, pakuti mapapo a mbalamezi sapirira utsi. Ikhala yokha mwezi wathunthu. Mbale zake n'zake, ndipo ndiziyamba kusamalira anga, iyo pomalizira, n'kusamba m'manja. Ndinaipachikira fupa la cuttlefish, kanyama ka m'nyanja ya mchere, ndi karoti wopala. Mwana wa aneba anabwera ndi chidutswa cha peyala kuti aipatse, ndinamugwira dzanja. Mapeyala kwa ife ndi chakudya, kwa mbalame zamtundu wa zinkhwe ndi imfa.

Titadya nsima, mphwanga anatenga kope langa la makola n'kuyamba kufunsa. Amafuna kudziwa kuti lutino yaimuna imapezeka bwanji. Ndinamujambulira mabokosi anayi. Yaimuna ya maso ofiira imafuna chibadwacho pa ma Z onse awiri, ndiye mayi wake ayenera kukhala lutino kapena albino, bambonso akhale nacho, poonekera kapena mobisa. Pa yaimuna yangayi ndi yaikazi yobiriwira, theka la ana aakazi ndi a maso ofiira, ndipo theka la ana aamuna amanyamula mobisa, koma n'kosatheka kuwasiyanitsa ndi anzawo pongowaona. Mumadziwa akaswa. N'chifukwa chake kope ndi lofunika kuposa maso. Anafunsanso za yabuluu yakuda ya m'khola lapakona. Imeneyo ndi cobalt. Pali chibadwa china chodetsa mtundu: palibe, mbalame ndi sky blue, chimodzi, cobalt, ziwiri, mauve. Kwa obiriwira chimodzimodzi, mpaka olive. Mitundu yonseyi yatulukira m'makola a anthu kuyambira pamene John Gould anafika ndi mabudgie amoyo ku England mu 1840. Wabuluu woyamba anaoneka ku Belgium chakumapeto kwa zaka za m'ma 1870, ndipo lero ndi amene wadzaza paliponse.

Anafuna kuti ndimulonjeze kamwana ka maso ofiira kaja kuti adzakakwatitse ndi bambo wake, apeze aamuna achikasu msanga. Ndinakana. Pachibale chotere mitundu imatulukadi, koma ndaona tiana tofooka tochuluka m'makola a anthu ochita zimenezi. Komanso kakufunika kafike chaka kasanayambe kuikira. Yaikazi yaing'ono, makamaka yoperewera kashiamu, dzira limaikanirira m'mimba, ndipo imfa yake ndi yowawa kuiona. Kutchire ku Australia mbalamezi zimaswana mvula ikagwa ndi udzu ukabereka njere, chilala chikabwera zimaleka. Kuno mbale imakhala yodzaza chaka chonse, ndiye yaikazi imaikirabe mpaka kutha mphamvu ngati mwini wake saichotsera kabokosi. Ine ikaswa kawiri ndimachotsa, ipume miyezi ingapo. Mphwanga anawerengera ndalama zimene akutaya pakupumako, nkhope n'kugwa, koma analemba m'foni mwake.

Madzulo achemwali anaimba kufunsa ngati mwana wawo wafika bwino, ndi kudandaula kuti mbalamezi zikumudyera nthawi ya sukulu. Ndinawauza kuti lero wachita masamu ambiri ndi sayansi yomwe, ndipo ndidzamuyang'anira.

Cha m'ma 9 koloko usiku ndinatenga tochi kubwerera kukhola. Kutentha kuno ndi nthawi ya utitiri wofiira, uja wa m'makola a nkhuku, ndipo nkhuku za aneba zimagona pafupi ndi mpanda wathu. Umenewu ndi wosiyana ndi mphere. Sukhala pa mbalame. Masana umabisala m'ming'alu ya matabwa, usiku umatuluka kudzayamwa magazi, ndipo tiana ta masiku ochepa tikhoza kufa ndi kuchepa magazi makolo akuoneka bwinobwino. Dzulo ndinafunditsa nsalu yoyera pamwamba pa makola, ndipo m'mawa inali yoyera. Koma lero nditasolola kamtengo kokhalapo ka m'khola lapakona, kumapeto kwake kumene kumalowa m'thabwa kunali timadontho tofiira tikuyenda. Nditatikanikiza ndi chala pa pepala tinasiya magazi. Kabokosi ka tiana ndinakaunika m'ngodya zonse ndi pansi pa utuchi, sindinapeze kanthu.

Mankhwala opopera udzudzu sindiwayandikitsa pa mbalame. Mawa tikachoka kutchalitchi tiwiritsa madzi mumphika waukulu. Timitengo tonse takale tiotcha, tidule tatsopano ta bulugamu. Makola tiwathire madzi otentha m'ming'alu monse, auma padzuwa, kenako timate ming'aluyo. Tiana tisamutsira m'kabokosi kena kotsukidwa kale, ka pansi pokumbika kuti miyendo isatagalale, ndi utuchi watsopano. Mphwanga ndamutumizira uthenga kuti abwere 2 koloko ndi burashi, abweretsenso mbalame zake zonse zotsala kuti zilandire dontho lawo.