Inde, mano anga ndinakawotcheretsa ku Luwinga

Popeza ena mwayamba kale kundiitana "Bambo Geti", bola ndifotokoze ndekha. Wolakwa ndi chimanga chowotcha cha pa depoti, chouma gwa ngati miyala ya kwale. Nditangoluma, kawaya kamene kamakola dzino la m'mbali kanangoti thyo! Mano anga atatu oikirira n'kuyamba kuvina malipenga m'kamwa.

Tsono taganizani nane. Chathyoka ndi chitsulo. Mkulu wina wowotcherera zitsulo ku Luwinga, ku Mzuzu, anandilumikizirapo felemu ya njinga, mpaka lero ikunyamula matumba a makala. Ndinalakwa pati?

Nditapita nawo manowo, mkuluyo anawalandira ndi manja awiri ngati mbale ya chopereka. Anawatembenuza, kuwaunika kumwamba, kuwagogoda ndi sipanala. Anaitana mnzake wa mafelemu a mawindo, nayenso anagwedeza mutu mwaulemu. "Madala, chitsulo ichi n'chakunja," anatero. Kenako anawapana pa vaisi, pompaja amapanirapo mahinjesi a mageti, mano anga ali mwee, kusekerera akabaza odutsa mumsewu wa ku Karonga. Ine chiimire pambali, dzanja kukamwa, chisanu cha mu Julaye chikulowera pa mpata uja mpaka kukhosi. Mwana wina wa sukulu anaima n'kuwapatsa moni. Mkuluyo anatsitsa chigoba kumaso, n'kundiuza kuti ndiyang'ane kumbali, kuopa maso. Maso!

Moto unangoti phethi kamodzi. Fungo la pulasitiki wopsa linakafika ku Katoto, ndikulumbira. Nkhama zapinki zija zinasungunuka ngati kandulo, dzino limodzi linagwa pansi, nkhuku n'kulithamangira.

Kuchipatala cha mano, mayi amene anandilandira sanaseke n'komwe, ndipo izi n'zimene zinandiwawa kwambiri. Anati felemu ya mano oikirirawo ndi ya zitsulo za cobalt ndi chromium, imalumikizidwa mu labu ndi laser kapena sodala yakeyake, osati ndodo zowotcherera mageti. Chikhala ndinabwera nawo tsiku lomwelo, akanangoikapo kawaya kena. "Pano bambo, tiyambiranso," anatero, uku akukonza phala lodindira m'kamwa lija.

Ndiye ndikudikira, ndikumwa phala ndi nthochi zofewa. Kukwaya andipumitsa kaye chifukwa ndikamati "Yesu" mukumveka likhweru. Mkulu wa ku Luwinga uja akundifunabe K2,000 yake yotsala. Akuti moto unayaka.