Bondo lomwe linatsala pakati

Galimoto itandigunda ndili pa njinga yamoto, mwendo wamanja unathyoka pawiri: fupa la ntchafu ndi la msongolo. Bondo linangotsala lendelende pakati, lopanda pogwira kumtunda ngakhale kumunsi.

Kuchipatala sanathamangire mafupawo. Anayamba andiika magazi, chifukwa fupa la ntchafu likathyoka munthu amatha kutaya magazi opitirira lita imodzi mkatimkati, osaonekera kunja. Usiku wonse anamwino ankabwera kudzandigwira katumba, n'kundiuza kuti ndigwedeze zala zakuphazi. Ndinkaona ngati akundisowetsa tulo chabe. Pambuyo pake ndinamva kuti msongolo ukatupa mothina kwambiri, magazi amaleka kuyenda bwino ndipo minofu imatha kufa m'maola ochepa.

Ku fiyeta anang'amba malo amodzi, kutsogolo kwa bondo. Chitsulo china anachilowetsa mkati mwa fupa la ntchafu chokwera, china m'fupa la msongolo chotsika, n'kuzimanga ndi masikuluwu. Kenako jakisoni wa pamimba tsiku lililonse, woteteza kuti magazi asaundane m'mitsempha.

Zovuta zenizeni zinayamba patangopita masiku awiri, atabwera a mafizo. "Tiyeni tipinde bondoli pang'ono, achimwene." Ndinakana, misozi ili mbwembwembwe. Anandiuza mosabisa kuti mafupa alumikizana, koma bondo likangouma, kudzalifewetsa ndi nkhondo ina. Ndinayamba ndi kukokera chidendene pabedi, kulimbitsa mnofu wa ntchafu ndikuwerenga mpaka teni, kenako kulendeweretsa mwendo m'mphepete mwa bedi. Ndimalangiza aliyense kuti amwe mankhwala opha ululu nthawi ya mafizo isanakwane. Ine ndinachedwa kuzindikira zimenezi, ndipo masiku ena ndinawataya chifukwa cha mantha. Tsiku lomwe bondo linafika madigiri 90 ndinakhala pampando ngati munthu aliyense, ndipo ndinalira kachiwiri.

Kuyenda kunabwera pang'onopang'ono: ndodo ziwiri phazi likungokhudza pansi, kenako kupondako ndithu adokotala ataona pa X-ray kuti fupa latsopano layamba kumera pomwe panathyoka. Ntchafu inapola msanga. Msongolo unachedwa, poti kutsogolo kwake kuli khungu lokha, mnofu wodyetsa fupa ndi wochepa. Fodya ndinasiyira pomwepo, nditauzidwa kuti amachedwetsa fupa kulumikizana.

Ndodo yomaliza ndinaisiya patatha miyezi 7. Kugwada kumandipwetekabe, ndipo m'mawa uliwonse ndisanaponde pansi ndimayamba ndapinda bondolo maulendo 20.