Nyumba ndi yawo: zimene ndikuphunzira za chitetezo pa ntchito ya supported living

Gawo limene ndangomaliza kumene pa dipuloma yanga ya Level 3 ya chisamaliro cha akuluakulu linali la malamulo a ubwino wa ntchito ndi chitetezo cha anthu amene timawathandiza. Ndikulemba makamaka poganizira anzanga ochokera ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe amene tili pa ntchitoyi kuno ku England. Ambiri tinalowa shifiti yoyamba tisakudziwa kumene malamulowa anachokera. Tinangouzidwa kuti sainani apa, lembani apo, musaiwale kuwerenga mapiritsi, ndiye tinkaona ngati zonsezi n'zongokondweretsa mabwana.

Choyamba chimene aphunzitsi athu anatsindika n'chakuti supported living, kutanthauza kuthandiza munthu ali m'nyumba mwake, si care home, malo osungirako anthu ofuna chisamaliro. Munthu amene tikumuthandiza ali ndi mgwirizano wakewake wa lendi ndi landilodi, ndipo dzina lolembedwapo ndi lake. Mgwirizano wa chithandizo ndi wina wapadera. Kampani imene inatilemba ntchito ikachotsedwa, timachoka ndife, iye amatsala m'nyumba mwake. N'chifukwa chake bungwe la Care Quality Commission, loyendera ntchito za chisamaliro ndi zaumoyo ku England, limene tonse timangoti CQC, lomwe linayamba ntchito mu 2009, siliyang'anira nyumbayo. Limayang'anira chithandizo chokhudza thupi la munthu, monga kumusambitsa, kumuveka, kumudyetsa ndi kumuthandiza kuchimbudzi. Ngakhale oyendera a CQC sangangolowa, amayamba apempha mwini nyumba. Abale amene muli ku Scotland, Wales ndi Northern Ireland, kwanuko kuli mabungwe ena, choncho zina mwa izi zisiyana pang'ono.

Oyenderawo amabwera ndi mafunso asanu. Kodi anthu ndi otetezeka? Chithandizo chikupindula? Chikuperekedwa mwachifundo? Chikutsata zosowa za munthu aliyense payekha? Nanga utsogoleri uli bwino? Akatero amapereka giredi, kuyambira Outstanding (zapamwamba), Good (zabwino), Requires improvement (pakufunika kukonza) mpaka Inadequate (zosakwanira). Mafunsowa amatsamira pa malamulo a 2014, ndipo manambala ena tinachita kuwaloweza: 9 ndi chisamaliro chotsata munthuyo, 12 ndi chithandizo chosaika moyo pachiswe, 13 ndi kuteteza ku nkhanza, 20 ndi kuulula poyera chinthu chikalakwika. Kuloweza sikunandivute. Chimene chinandisowetsa tulo ndi nkhani za anthu amene anavutika, ena mpaka kufa kumene, kuti ntchitoyi ifike pomwe ilipa.

Mu Meyi 2011, pulogalamu ya BBC ya Panorama inaonetsa zimene kamera yobisa inajambula ku Winterbourne View, chipatala cha kampani pafupi ndi Bristol chosungirako anthu ovutika kuphunzira ndi kumvetsa zinthu komanso a autism, amene ubongo wawo umagwira ntchito mosiyana pa kulumikizana ndi anthu ena. Ogwira ntchito ankawamenya, kuwapanikiza pansi, kuwathira madzi ozizira ndi kuwanyoza. Anthu 11 anapezeka olakwa kukhoti ndipo 6 mwa iwo anapita kundende mu 2012. Koma kamera isanalowe, namwino wina wa pomwepo, Terry Bryan, anali atauza kale mabwana ake, n'kuuzanso CQC. Palibe anachitapo kanthu.

Connor Sparrowhawk anali ndi zaka 18 ndipo ankadwala khunyu. Anamira m'bafa mu Julayi 2013 pa chipatala cha NHS, bungwe la boma la zaumoyo, ku Oxford, atagwa khunyu ali yekha. Mayi ake anali atachenjeza ogwira ntchito kuti akuona zizindikiro zoti mwana wawo wayambanso kugwa. Oliver McGowan nayenso anali ndi zaka 18 pamene anamwalira mu Novembala 2016 ku Bristol, atapatsidwa olanzapine, mankhwala a matenda a maganizo. Mwiniwakeyo ndi makolo ake anali atanena kuti mankhwala a mtundu umenewu amamuyipira. Mayi ake, Paula McGowan, sanatope kugogoda zitseko za boma, ndipo kuyambira Julayi 2022 lamulo limakakamiza aliyense wolembetsedwa ku CQC kuphunzitsa antchito ake za autism ndi ulumali wa kaphunziridwe. Maphunziro aja timakhalira pa kompyuta, otchedwa dzina la Oliver, anachokera pa maliro a mnyamata ameneyu.

M'nkhani zitatu zonsezi munthu wodziwa analipo, ndipo analankhula nthawi idakalipo. Pena anali namwino, pena mayi, pena wodwala mwiniwake. Mafomu analipo, madokotala ndi mabwana analipo, koma womvera panalibe. Kuchokera pamenepo malamulowa ndimawawerenga mosiyana. Ndimaona kuti pafupifupi lililonse likutikakamiza kutchera khutu kwa munthu amene n'zosavuta kumunyalanyaza.

Wina anganene kuti zonsezi zinachitika m'zipatala, osati mu supported living. N'zoona. Koma ku Whorlton Hall, ku County Durham, kumene Panorama inaululanso nkhanza mu 2019, malowo anali ndi giredi ya Good. Ngati oyendera analephera kuona zoipa m'chipatala momwe angathe kulowa nthawi ina iliyonse, kuli bwanji m'nyumba ya munthu, momwe usiku wonse mumakhala wantchito mmodzi, chitseko chili chotseka, ndipo mwini nyumbayo mwina satha kulankhula? CQC imachenjeza kwambiri za malo otere, amene alendo safikako kawirikawiri ndipo antchito amabisirana.

Gawo limene tinakangana kwambiri m'kalasi ndi la Mental Capacity Act ya 2005, lamulo lokhudza kutha kudzisankhira. Lamuloli limati munthu aliyense wamkulu timuone kuti angathe kudzisankhira, pokhapokha patapezeka umboni woti sangathe pa nkhani imeneyo, pa nthawi imeneyo. Limati tiyambe tayesetsa kumuthandiza kuti amvetse, kaya ndi zithunzi, kaya ndi mawu afupiafupi, kaya kudikira nthawi imene mtima wake uli m'malo. Limanenanso chinthu chimene ambiri aife sitinachilandire msanga: munthu akasankha zimene ife tikuona kuti n'zosathandiza, si umboni woti sangathe kusankha.

Ife tinakula tikudziwa kuti kusamalira wodwala kapena waulumali ndi kumuchitira zonse. Timamukonda, sitimutaya, ndipo chikondi chimenecho n'chamtengo wapatali pa ntchito ino. Koma chikondi chomwecho n'chimene chimatifulumizitsa kubisa shuga, kukiya khitchini, kulanda ketulo, kunena kuti lero kunja kukuzizira simupita. Bambo wa zaka makumi asanu amene akufuna kugula fodya ndi ndalama zake, ngati akumvetsa kuipa kwake, agula. Ntchito yanga ndi kumufotokozera moona mtima, kulemba zimene takambirana, kenako n'kumuperekeza ku shopu ngati akufuna. Mtima umawawa, sindikana. Koma ndafika povomereza kuti lamuloli likulondola, chifukwa anthu amenewa akhala akusankhiridwa chilichonse kuyambira ali ana, ndipo kawirikawiri owasankhirawo ankati akuwateteza. Ngati munthu sangathedi kusankha, pamakhala kukambirana ndi achibale ndi akatswiri kuti tipeze chomukomera iyeyo, ndipo timatenga njira yomuphera ufulu pang'ono kwambiri. Zikafika poti aziyang'aniridwa nthawi zonse osaloledwa kuchoka, mu supported living chilolezo chake chimachokera ku Court of Protection, khoti loona nkhani za anthu amene sangathe kudzisankhira. Manijala sangangolamula yekha.

Kwathu sulowa m'nyumba ya munthu usanati odi, ngakhale chitseko chili pululu. Ndi zomwezo kuno, ngakhale kiyi ali m'thumba mwako.

Mapepala a tsiku ndi tsiku nawonso ndayamba kuwaona mwina. Pa MAR, pepala lolembapo mankhwala amene munthu wapatsidwa, timasaina munthu akamwa mankhwala, osati asanamwe, ndipo akakana timalemba kuti wakana. Malo osasainidwa amachititsa kuti wa shifiti yotsatira asadziwe ngati apereke kapena ayi. Mankhwala a PRN, operekedwa pokhapokha pakafunika, ndi amene amandiopsa kwambiri, chifukwa ena mwa iwo ndi ofooketsa munthu kuti akhale phee. Kampeni ya STOMP, imene NHS England inayambitsa mu 2016, inabwera chifukwa anthu ambiri aulumali wa kaphunziridwe ankamwetsedwa mankhwala a matenda a maganizo amene alibe, pofuna kuti angokhala chete. Munthu amene akudzimenya kumutu mwina dzino likumupweteka, mwina wadzimbidwa, mwina phokoso la TV lamukwana. Akuyankhula m'njira imene angathe. Kumupatsa piritsi tisanafufuze n'kumutseka pakamwa. Zakudya nazonso si nkhani yamasewera: amene amavutika kumeza amakhala ndi mlingo wake pa IDDSI, ndondomeko ya kufewa kwa chakudya ndi kulimba kwa zakumwa, kuyambira 0 mpaka 7, ndipo chidutswa chimodzi cha buledi choperekedwa mwachifundo kwa munthu wa zakudya zophwanyaphwanya chikhoza kumutsamwitsa mpaka kufa.

Pali nkhani ina imene sinali m'buku, koma tinaikambirana panja pa kalasi ndi anzanga. Ambiri tinabwera pa viza ya Health and Care Worker, ndipo chilolezo chathu chokhala m'dziko muno chinamangidwa pa kampani imene inatiitanitsa. Kumudzi akudikira fizi, lendi ndi feteleza. Ukaona mnzako akukalipira munthu, kapena akusaina kuti wamutembenuza usiku pamene mnzakoyo anagona tulo, pakamwa pamalemera. Zimafika poipa wolakwayo akakhala wakwanu, amene munadyera limodzi nsima Lamlungu. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mantha amenewa ndi enieni ndipo sindingaderere aliyense amene ali nawo. Komabe munthu amene ali pabediyo alibe viza yoti ataye, alibenso kwina kothawira, ndipo nthawi zambiri maso athu ndi okhawo amene aona.

Njira zilipo, ndipo ndikufuna aliyense azidziwe. Care Act ya 2014, pa gawo 42, imakakamiza khonsolo kufufuza ikamva kuti munthu wamkulu wofuna chisamaliro akuchitidwa nkhanza kapena kunyalanyazidwa. Sudikira kuti ukhale ndi umboni wonse, kukayikira kwenikweni n'kokwanira, ndipo kufufuza si ntchito yako. Umayamba ndi manijala. Akapanda kuchitapo kanthu, kapena ngati vutolo ndi iyeyo, umaimbira gulu la safeguarding, loteteza anthu ku nkhanza, la khonsolo ya dera lako, kapena CQC, komwe ungathe kunena osatchula dzina lako. Moyo ukakhala pangozi, imba 999, nambala ya ngozi, basi. Public Interest Disclosure Act ya 1998 imateteza wantchito amene waulula zoipa kuti asachotsedwe kapena kuzunzidwa chifukwa cha zimenezo. Lemba zimene waona ndi maso ako, tsiku, nthawi ndi mawu enieni amene ananenedwa, osawonjezera maganizo ako. Ndipo amene simunalowe yuniyoni, lowani mavuto asanabwere, chifukwa kawirikawiri sathandiza pa nkhani imene inayamba musanakhale membala.