Mwana watuluka m'chipatala, zikomo a komiti ndi amayi a kutsidya

Abale anga, mwana watuluka dzulo madzulo. Akuyenda yekha, phala akumwa, wayambanso kulongolola kuja. Mulungu alemekezeke. Mafoni anu ndikuwaona koma mphamvu yoyankha mmodzimmodzi ndilibe, ndiye ndingolemba pano.

Zambiri mwamva kale. Kutsegula m'mimba kunayamba usiku, madzi okhaokha ngati otsukira mpunga, bambo ake ali ku ulonda.

Oyamba kuwathokoza ndi amayi aja a kutsidya, a mbali ya Milange, amene amakhala nafe mu komiti ya zaumoyo. Dzina sinditchula, amachita manyazi, koma a kuno ku Muloza mukuwadziwa. Anagona kwa achemwali awo m'mudzi mwathu pochokera ku msika wa Limbuli. Atamva kulira anabwera ndi mapaketi a Thanzi atamanga pa chitenje. Anatsina khungu la pamimba la mwana, ataona kuti silikubwerera msanga anati, "Mayi, uyu sitidikira naye kuche." Anasungunula paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi othira kolorini, anayamba kummwetsa pang'onopang'ono, ndipo sanaleke ngakhale tili pa njinga yamoto. Anamwino anandiuza kuti madzi amenewo ndiwo anamufikitsa pa diripi ali moyo. Amayi inu, ndilibe choti ndikupatseni chokwanira.

Komiti imeneyi ena amaiseka. Tinaiyamba namondwe wa Freddy atatiwononga mu Marichi 2023, milatho itapita, zimbudzi zitagwa, kolera ija inayambira ku Machinga mu 2022 idakali pakati pathu. Mukukumbukira inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Tinakhala pansi ife othyola tiyi, alangizi a zaumoyo, mafumu, a mipingo ndi a ku mzikiti, anyamata a kabaza, ndi abale athu a ku Mozambique, poti mtsinje wa Muloza timatunga tonse, maukwati ndi maliro n'chimodzimodzi. Tinagwirizana zinthu zochepa chabe: ndowa ya madzi a kolorini pa sikelo pomwe timayezetsa masamba, mpondagiya pa chimbudzi chilichonse, ndipo wa kabaza azinyamula kaye wodwala, ndalama adzatenge ku thumba lomwe timasonkha tikalandira. Chovuta kwambiri chinali kuphunzitsana kuleka kubisa matenda. Dzinja ndi pamene tiyi amaphuka kwambiri, ndalama imatsata makilogalamu, ndiye munthu amalimbikira kulowa m'munda m'mimba mukuwawa kuopa kutaya tsiku. Usiku uja pangano la kabaza lija ndilo linandipulumutsa, chifukwa m'nyumba munalibe ngakhale kobiri.

Achimwene a njinga, munadzuka osanyinyirika, matope onse aja. Zikomo. Alangizi athu munabwera m'mawa mwake kudzapopera nyumba ndi chimbudzi, n'kuyendera makomo oyandikana nafe. Zikomo. Anzanga a m'gulu lathu la kumunda, ufa, sopo ndi shuga zinafika. Anamwino a mu tenti ya odwala kuchipatala kuja, sindinakuoneni mutakhala pansi.

Koma amayi aja! Anakhala nane kunja kwa tenti mpaka dzuwa kutuluka, akundiletsa kugwira kumaso ndisanasambe m'manja, akupemphera m'Chilomwe. Katundu wawo wa pa msika anamusiya kwa eni ake a nyumba osawerenga n'komwe. Ndiye inu amene mumakonda kunena pa mzere wa kuchipatala kuti a ku Mozambique akutithera mankhwala, mukadzanenanso ine ndili pompo tidzayankhana. Nanunso amene munasiya misonkhano mutamva kuti kulibe alawansi, ndi achibale amene munkafunsira za mwana mutaima ku msewu, sindikusungirani mangawa. Ndangoona.

Ambuye, amene munandibwezera mwanayu, muwasunge amayi amenewa ndi ana awo, muwadalitse pa ntchito ya manja awo.

Amene akuwoloka kupita ku Milange sabata ino andiuze, pali nkhuku yoti akawapatsire, anachoka osalawa kanthu pakhomo panga. Ngongole yanga ya ku thumba ndibweza pa malipiro akubwerawa. Msonkhano ulipo Loweruka masana kwa amfumu, ndipo Thanzi watsala pang'ono kutha m'bokosi la komiti, choncho aliyense abwere ndi chosonkha chake.