Kuseri kwa phiri la Mulanje pa njinga

Ambiri aife phiri la Mulanje timalidziwira mbali imodzi, ya minda ya tiyi, imene umaiona ukamabwera kuchokera ku Thyolo. Gulu lathu la opalasa njinga linagwirizana zolizungulira lonse nyengo yozizira yapitayi, ndipo chimene chinatsala mumtima mwanga ndi mbali ya kuseri, ya ku Nkhulambe, yoyang'ana ku Mozambique.

Tinanyamuka pa Chitakale kusanache, manja atauma ndi chisanu. Kuchokera apo kudutsa pa Likhubula mpaka ku Phalombe ndi tala, choncho tinkangocheza, phiri lili kudzanja lamanja, thanthwe la Chambe litaima chilili pamwamba pathu. M'gululo munali anyamata a njinga zamagiya, amayi ena amene amapalasa Loweruka lililonse, komanso bambo wina wachikulire amene anabwera ndi njinga yake ya kumudzi, ya kaliyala, yopanda giya. Tinapangana chinthu chimodzi tisananyamuke: wotsogola akafika pamwamba pa chitunda, adikire mpaka womaliza afike.

Panganoli linayesedwa titasiya tala ku Phalombe n'kulowa msewu wafumbi wa ku Fort Lister. Uwu ndi mpata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi. Msewu wake ndi wamiyala yogubuduzika, ndipo ukaimirira kuti upalase mwamphamvu tayala lakumbuyo limangoterereka. Apa macheza anatha, aliyense akumva befu lake. Ena tinatsika n'kumakankha. Anyamata amene anafika kale pamwamba anasiya njinga zawo, n'kutsetsereka wapansi kudzathandiza anzawo.

"Bambo, bweretsani ndikukankhireni," anatero mmodzi.

"Zikomo mwana wanga, koma thandizani amayiwo, ine ndifika," anayankha bambo aja, ndipo anafikadi.

Tinapumira pafupi ndi mabwinja a linga limene Angerezi anamanga mu 1893. Analimanga pamenepo chifukwa mumpata umenewu ndi mmene ogulitsa akapolo ankadutsitsa anthu popita nawo kugombe la nyanja ya mchere. Zinandikhudza kwambiri. Ife tinali titatopa ndi ulendo wodzifunira, tili ndi madzi ndi nthochi m'zikwama, pomwe makolo athu anakwera mtunda womwewo ali omangidwa, osadziwa kumene akupita. Palibe anayankhula zambiri pamenepo.

Kenako mtsetse. Wa pamsewu wamiyala suli ngati wa patala, sungangomasula mabuleki. Zala zimawawa ndi kugwira, maso ali pansi kusankha podutsa. Chubu cha mnzathu chinaphulika, ndipo tonse tinaima pansi pa mtengo wa mango mpaka anamata. Amene anamata mwachangu ndi bambo aja, amene anali ndi zigamba, guluu ndi pampu m'kathumba ka pa kaliyala.

Cha ku Nkhulambe n'kumene tinaona zimene Namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023. Tonse tinamva pa wailesi ndi kuona zithunzi pa mafoni, koma kuona ndi maso n'kwina. Pa phiri pali mizere yoyera kuchokera pamwamba mpaka m'munsi, mmene nthaka inagumuka. Mitsinje imene inali yaing'ono inasanduka madambo otakata odzadza miyala, ina yoposa nyumba kukula. Malo ena tinanyamula njinga pamapewa kuti tiwoloke. Mayi wina amene tinagula kwa iye chinangwa chophika ndi thobwa anatilozera pamchenga ndi miyala, n'kunena kuti pamenepo panali munda wawo. Ananena modekha, kwinaku akutibwezera chenje. Pambali pomwepo anthu anayambanso kulima, nandolo ali mbuu, ana akuthamangira njinga zathu akukuwa.

Ndinene zoona, msewu umene ife timautcha wamasewera, kwa anthu a kumeneko ndi wa tsiku ndi tsiku. Tinakumana ndi akabaza atanyamula anthu, ena matumba a chimanga, wina atakweza mayi wodwala amene anali atakolekera dzanja m'chiuno mwake. Ndimakonda kupalasa m'fumbi, koma sindingafune kuti msewu umenewu ukhale chomwechi chifukwa cha chisangalalo changa. Anthu a kuseri kuno akufunika milatho yolimba ndi msewu wodutsika ngakhale m'dzinja.

Dzuwa litapendeka tinatulukira pa Muloza, pamalire, n'kukweranso tala. Matako anali atatentha ndi chishalo, miyendo yofiira ndi fumbi. Tinadutsa pa Limbuli, kuwoloka Ruo, n'kulowa m'minda ya tiyi imene inayambira kuno ku Mulanje cha m'ma 1890. Mitambo inali itaphimba nsonga zonse, kotero sitinaone kumtunda kumene kuli Sapitwa, wa mamita 3,002. Nanazi wa m'mbali mwa msewu tinadya ndithu, wosendedwa pomwepo, madzi ake akutsikira m'zigongono.

Chigawo chomalizachi mayi mmodzi mwendo unamugwira, moti samatha kupalasa mwamphamvu. Anyamata awiri anamuika pakati, aliyense dzanja pamsana pake, akumukankha m'zitunda. Ena tonse tinachepetsa liwiro n'kuyenda pambuyo pawo, ndipo tinalowa pa boma la Mulanje tili pamodzi, magetsi a m'sitolo atayaka kale.

Amene mukufuna kuyesa ulendowu, pitani pakati pa Meyi ndi Ogasiti, mvula itatha koma kusanatenthe. Nyamulani machubu apadera ndi madzi okwanira, chifukwa kuchoka ku Phalombe mpaka ku Muloza okonza njinga alipo koma zipangizo za njinga zamagiya n'zosowa. Tengani ndalama zing'onozing'ono, ndipo chakudya mukagule kwa anthu a m'midzimo.